Wasiya yekha kapena wachotsedwa? Za ndalama ya zaka zimene munthu wagwira ntchito

Aliyense amene adagwirako ganyu m'midzi yozungulira nyanja ya Amaramba amaudziwa mwambo wake. Mwini munda amakuyezerani ndime, mumagwirizana mtengo, ndipo ndalama imatuluka ndime ikatha. Tsono taganizani kuti mwalima kuyambira mbandakucha, kwatsala mizere itatu yokha, mwini munda n'kuyamba kukutolani zifukwa. Akuti udzu simunakwirire bwino, akuti khasu lake mwalibunthitsa, akukutukwanani pamaso pa ana, mpaka inu kupsa mtima, kuponya khasu pansi n'kumapita. Madzulo mukabwera kudzafunsa zanu, iye akuti, "Ndime simunamalize, mwachoka nokha." Nkhani yotere ikapita pabwalo la amfumu sichedwa kuweruzidwa. Aliyense amaona kuti munthuyo wathamangitsidwa mochenjera kuti ndalama itsale m'thumba la mwini munda.

Pa ntchito yolembedwa zomwezi zimachitika, kungoti zimabisika m'mapepala. Ntchito zolembedwa m'dera lino si zambiri, n'chifukwa chake anthu amazigwira ndi manja awiri: ulonda m'nyumba zosungira katundu ku Cuamba, kuyeza thonje ndi fodya pa nyengo yogula, kukonza njanji yochokera ku Nacala yomwe imagawikana pa Cuamba kupita ku Entre Lagos ndi ku Lichinga, kumanga misewu ngati wa N13 wodutsa pa Mandimba ndi Massangulo, kugulitsa m'sitolo, kudzala mitengo m'minda ya makampani. Ena amadumpha malire pa Chiponde kukagwira m'maesiteti a ku Mangochi ndi Machinga. Onsewa tsiku lina ntchito idzawathera, ndipo funso la mutu uno ndi lakuti: ngati bwana wakukankhani kuti mulembe nokha kalata yosiya ntchito nthawi isanakwane, ndalama ya zaka zanu yapita, kapena ilipobe?

Ndalama yake ndi iti?

Malipiro a pamwezi ndi a thukuta la mwezi umenewo. Koma munthu amene wakhala pa ntchito imodzi zaka 8 wapereka zoposa pamenepo. Munda wake adausiya m'manja mwa ena, mphamvu zake zachepa, ndipo tsiku limene ntchito yatha amayambiranso pansi, ana ali pasukulu. Poona zimenezi, mayiko ambiri adaika m'malamulo kuti ntchito ikatha pakhale ndalama ina, yowerengedwa molingana ndi kutalika kwa nthawi imene munthu wagwira.

Ndalama zimenezi zilipo zamitundu ingapo, ndipo anthu amazisokoneza. Gratuity, dzina lomveka kwambiri ku Malawi ndi ku Zambia, ndi ndalama yoperekedwa pakutha kwa ntchito chifukwa chongoti munthu watumikira nthawi yakutiyakuti. Severance allowance ya ku Malawi ndi ya munthu amene bwana wamuchotsa iye asanalakwe. Ku Mozambique anthu amati indemnização, ndiye kuti chipukuta misozi cha ntchito imene yatha mosayenera kapena mwa kufuna kwa bwana. Penshoni ndi ina payokha: imasonkhedwa mwezi ndi mwezi, n'kudikira ukalamba.

Mpanda wa nthawi

Pafupifupi kulikonse kumene ndalamazi zilipo, lamulo limaika nthawi yoti munthu aikwanitse asanaziyenerere. Ku India lamulo la gratuity la 1972 lidaika zaka 5 zosadukiza. Wokwanitsa zaka 5 amalandira malipiro a masiku 15 pa chaka chilichonse, ngakhale atasiya yekha. Pansi pa lamulolo wochoka zisanakwane ankatuluka chimanjamanja, pokhapokha ngati wamwalira kapena walumala. Mutha kuona nokha kuti chaka chachinayi chikamatha, bwana wosaona mtima amayamba kuwerenga masiku mofanana ndi wantchito wake, koma ndi cholinga china.

Ku Malawi severance allowance imafuna chaka chimodzi chathunthu. Gratuity ya ogwira ntchito amene sali pa penshoni imafuna miyezi 3 yosadukiza. Ku Zambia lamulo la Employment Code Act la 2019 lidati wogwira ntchito pa kontirakiti yaitali alandire gratuity yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake, ndipo kontirakiti ikaduka panjira, alandire gawo lolingana ndi nthawi imene wagwira. Njira ya ku Zambiayi ndimaiona yanzeru kuposa zinazo. Pamene ndalama ikukula pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, palibe tsiku limodzi limene bwana angaliope mpaka kuthamangitsa munthu lisanafike.

Ku Mozambique nkhani yake ndi yosiyana, ndipo ndi bwino kuimvetsa. Lamulo la ntchito, Lei do Trabalho, silinaike gratuity ya aliyense wochoka pa ntchito. Ngati ilipo, ndiye kuti idalembedwa mu kontirakiti yanu kapena mu mgwirizano wa pakati pa kampani ndi sindikato, bungwe la ogwira ntchito. Chimene lamulo limayang'ana ndi njira imene ntchito yathera. Komabe mipanda ya nthawi ilipo. Woyamba ndi nthawi yoyesedwa, período probatório, pamene bwana angathe kukusiyitsani popanda chipukuta misozi. Wachiwiri ukukhudza kontirakiti ya nthawi yoikika: siyenera kupitirira zaka 2, ndipo imaonjezeredwa kawiri kokha, ikapyola apo munthu amasanduka wokhazikika, ngakhale makampani ang'onoang'ono amene angoyamba kumene amapatsidwa danga lokulirapo. Nthawi zimenezi zikamayandikira ndi pamene mabwana ena amayamba kusintha nkhope.

Munthu mmodzi, zaka zomwezo, ndalama zosiyana

Lamulo limene ambiri adalizolowera ndi la nambala 23 la 2007. Lidalowedwa m'malo ndi la nambala 13 la 2023, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu February 2024. Tiyeni tiyerekeze mlonda wokhazikika ku Cuamba, wolandira 8,000 metikali pamwezi, amene wagwira zaka 4, tione mmene lamulo limamuwerengera.

Kampani ikamuchotsa chifukwa malonda sakuyenda kapena ikuchepetsa antchito, iye, pokhala wa malipiro otsika, amalandira malipiro a masiku 30 pa chaka chilichonse. Pa zaka 4 ndi 32,000 metikali.

Ikamuchotsa popanda chifukwa chomveka, khoti n'kupeza kuti idalakwa, ayenera kubwezeredwa pa ntchito, kapena ngati zimenezo sizingatheke, kulipidwa masiku 45 pa chaka chilichonse. Masiku 45 ndi mwezi ndi theka, ndiye kuti 12,000 pachaka, 48,000 pa zaka 4.

Akachoka yekha koma chifukwa choti bwana wamulakwira kwambiri, chimene lamulo limachitcha justa causa, chifukwa cholungama, amalandiranso masiku 45 omwewo. Ndi 48,000 yomweyo.

Koma akangolemba kuti "ndasiya ntchito mwa kufuna kwanga", imene lamulo limaitcha denúncia, salandira chipukuta misozi ngakhale metikali imodzi. Amangotenga malipiro a masiku amene wagwira ndi a tchuthi chimene sanapume. Kuonjezera apo, ndiye amene ayenera kupereka notisi: masiku 30 kwa amene wapitirira zaka 3, masiku 15 kwa wa pakati pa miyezi 6 ndi zaka 3.

Munthu ndi yemweyo, zaka ndi zomwezo, usiku wozizira wa mu June adaugona panja chimodzimodzi. Chimene chasiyanitsa 48,000 ndi chimanjamanja ndi mizere iwiri ya papepala. Kwa wa kontirakiti ya nthawi yoikika kusiyanako kungakhale kokulirapo, chifukwa ikadulidwa mosayenera amayenera kulipidwa malipiro onse a miyezi imene idatsala. Wogwira ntchito yomanga msewu amene watsala ndi miyezi 10 akalemba yekha kalata yosiya, wapereka miyezi 10 imeneyo kwa bwana ngati mphatso.

Antchito a m'nyumba ali ndi malamulo awoawo, Decreto 40 ya 2008, ndipo a boma, monga aphunzitsi ndi anamwino, amatsata malamulo ena. Ziwerengero zili pamwambazi si zawo.

Chifukwa chimene bwana amafunira kalata yanu

Kuchotsa munthu motsata lamulo ndi ntchito. Bwana ayenera kulemba chikalata cha mlandu, nota de culpa, chofotokoza chimene mwalakwa, tsiku lake ndi malo ake. Ayenera kukupatsani masiku 15 oti muyankhe ndi kutchula mboni zanu. Ayenera kumva maganizo a komiti ya sindikato, kenaka n'kulemba chigamulo chake ndi zifukwa zake. Akadumpha zimenezi, kuchotsako kungafafanizidwe ngakhale mutakhala kuti mudalakwadi. Kalata yosiya ntchito imamupulumutsa ku zonsezi nthawi imodzi.

Tsono njira zokankhira munthu n'zodziwika. Malipiro amayamba kuchedwa, mwezi umodzi, iwiri, itatu. Munthu wa banja ku Mandimba amauzidwa Lachisanu kuti Lolemba akayambe ntchito kutali, popanda ya ulendo kapena pogona. Kapitawo amatsitsidwa n'kupatsidwa tsache. Mayi amene wakana zofuna za akuluakulu amayamba kupezeredwa zolakwa tsiku ndi tsiku. Koma yofala kwambiri ndi yoitanidwa mu ofesi, chitseko n'kutsekedwa, pepala lolembalemba kale lili pa tebulo: "Saina apa tisiyane bwino, tikulembera kalata yabwino. Ukakana, nkhani ya matumba aja ipita kupolisi."

Pali chinthu china chimene chimapweteka anthu a kuno. Pepalalo limakhala m'Chipwitikizi, pamene munthuyo kwawo amayankhula Chiyao, Chinyanja kapena Chilomwe. Ambiri amasaina kapena kudinda chala akuganiza kuti ndi risiti ya malipiro omaliza. Kusainitsa munthu pepala limene sangathe kuliwerenga, n'kulitcha kufuna kwake, ndi kuba, ngakhale kutachitikira mu ofesi yokongola.

Lamulo limafunsa kuti adathetsa ntchito ndani

Oweruza adaliona kalekale vuto limeneli. Ku England, mu 1978, pa mlandu wa Western Excavating ndi Sharp, woweruza Lord Denning adafotokoza kuti bwana akaphwanya kwambiri mgwirizano wa ntchito, wantchito angathe kuchoka n'kuonedwa ngati wachotsedwa. Mwini mlanduwo, Sharp, adaluza, chifukwa khoti lidapeza kuti kampani sinaphwanye mgwirizano. Zimenezi zikutiphunzitsa msanga kuti si kukhumudwa kulikonse kumene kumakwana. Kudzudzulidwa pa cholakwa chenicheni, kusagwirizana ndi kapitawo, kapena kumanidwa ngongole si kukankhidwa. Payenera kukhala cholakwa chachikulu cha bwana, choti munthu wanzeru zake sangapirire nacho.

Ku Mozambique munthu wokankhidwa ali ndi zida zitatu. Choyamba ndi justa causa ija. Ngati bwana sakukulipirani, akukuzunzani, akukunyozani kapena akuphwanya ufulu wanu mwanjira ina yaikulu, mungachoke, koma mwa kalata yanu, yopereka notisi ya masiku 7 ndi kutchula momveka bwino zimene zachitika. Kalata yoti "ndasiya chifukwa sindinalipidwe miyezi ya March, April ndi May" ndi kalata yoti "ndasiya pa zifukwa zanga" zingalembedwe ndi cholembera chimodzi, koma yoyamba imasunga zaka zanu, yachiwiri imazitaya. Lamulo la 2023 lidatchulanso momveka kuzunza munthu pa ntchito, assédio, kuphatikizapo kukakamiza zachiwerewere, ngati cholakwa chachikulu.

Chachiwiri chimathandiza amene wasaina mgwirizano wosiyana mwamtendere, acordo revogatório. Mgwirizano wotere uyenera kulembedwa ndi kusainidwa ndi mbali zonse ziwiri, ndipo wantchito ali ndi masiku 7 oti asinthe maganizo. Amalembera bwana kuti waubweza, n'kubweza ndalama yonse imene adalandira pa mgwirizanowo. Apa m'pofunika kudziletsa. Munthu akapatsidwa kenakake m'manja Lachiwiri, n'kukagula malata Lachitatu, pofika Loweruka alibe chobweza.

Chachitatu chili m'malamulo a mapangano onse, Código Civil. Mawu amene munthu wawanena kapena kuwasaina chifukwa choopsezedwa mosayenera, coacção moral, khoti lingathe kuwafafaniza. Kalata ikafafanizidwa, nkhani imabwerera poyambira: bwana afotokoze chifukwa chimene munthuyo sali pa ntchito.

Nanga amene adakankhidwa mpanda wa nthawi uli pafupi? Khoti likapeza kuti sanasiye yekha, nkhani yake imaweruzidwa ngati ya munthu wochotsedwa, ndipo zimene lamulo limapereka kwa wochotsedwa mosayenera zimamutsegukira. Akabwezeredwa pa ntchito, zaka zake zimapitirira kuwerengedwa. Koma tisanamizane: si nthawi zonse pamene khoti limamuwerengera miyezi imene sanagwire kuti akwanitse mpandawo. Chimene amapeza kawirikawiri ndi chipukuta misozi cha kuchotsedwako.

Kutsidya kwa Chiponde

Amene akugwira ntchito ku Malawi ali pansi pa Employment Act ya 2000, yomwe idasinthidwa mu 2010. Kuyambira pamenepo severance allowance imaperekedwa kwa wochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito kapena mavuto a kampani, ndi kwa wochotsedwa mopanda chilungamo, basi. Wosiya yekha alibe gawo. Kawerengedwe kake ndi malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse chathunthu mpaka zaka 5, masabata 3 pa chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 kuyambira chaka cha 11. Gratuity ya amene sali pa penshoni ndi 5 peresenti ya malipiro a pamwezi pa mwezi uliwonse wathunthu: wolandira K150,000 amasungiridwa K7,500 pamwezi.

Gawo 60 la lamuloli ndi limene limateteza wokankhidwa. Limalola wantchito kuchoka popanda notisi ngati khalidwe la bwana lafika poti n'kosayenera kuyembekezera kuti apitirize. Kuchoka kotero kumatengedwa ngati kuchotsedwa mopanda chilungamo. Pali kusiyana kumodzi kofunika. Bwana akakuchotsani, ndiye ayenera kuonetsa chifukwa chake. Mukachoka nokha n'kunena kuti mudakankhidwa, ndinu muyenera kuonetsa chimene chidakuchotsani.

Ogwira ntchito za nyengo, monga za fodya, adziwe ichi: lamulo la ku Malawi limaphatikiza nyengo zotsatizana zimene munthu wagwira kwa bwana mmodzi, n'kuziwerenga ngati ntchito yosadukiza. Kutumizidwa kumudzi fodya akatha sikufafaniza miyezi ya chaka chatha.

Ku South Africa, kumene anyamata ambiri a kuno amapita, wochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito amalandira malipiro osachepera a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu, ndipo dandaulo la kuchotsedwa mosayenera liyenera kufika ku CCMA, bungwe loyanjanitsa antchito ndi mabwana, pasanathe masiku 30.

Umboni

Milandu yambiri ya mtundu uwu imagwa chifukwa chosowa umboni, osati chifukwa choti wodandaulayo akunama. Kukankhidwa kumachitikira kuseri kwa chitseko, ndipo anzanu amene adamva amaopa kutaya ntchito zawo. Choncho munthu ayambe kusunga zinthu mavuto asanafike: kontirakiti, timapepala ta malipiro, khadi la ntchito, mauthenga a pafoni, mbiri ya ndalama zimene zidalowa kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Ngakhale kope la sukulu lolembamo tsiku ndi zimene zidanenedwa limathandiza. Wopanda kontirakiti yolembedwa asataye mtima. Kusalemba ndi cholakwa cha bwana, ndipo ufulu wa wantchito suchoka chifukwa cha icho.

Mukaitanidwa mu ofesi, palibe lamulo lokukakamizani kusaina tsiku lomwelo. Pemphani pepalalo mupite nalo kunyumba, wina amene mumamukhulupirira akuwerengereni. Pemphani kuti wa sindikato kapena mnzanu akhalepo. Ngati akuti mudaba, auzeni alembe nota de culpa, muyankhe. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi osavuta kulemba kuposa kuwanena pamaso pa munthu amene wakhala akukulipirani, makamaka kwa ife amene tidaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa. Koma kupempha tsiku limodzi loti muganize si mwano. Ndipo musangosowa pa ntchito osanena kanthu, chifukwa kujomba masiku ambiri lamulo limakuona ngati kuthawa ntchito, ndipo pamenepo bwana wapeza chifukwa chimene ankachifuna.

Kopita, ndi nthawi yake

Ku Niassa dandaulo lingapite kwa oyendera ntchito a Inspecção Geral do Trabalho, kapena ku CEMAL, ofesi yoyanjanitsa antchito ndi mabwana, yomwe ya chigawo chino ili ku Lichinga. Kumeneko mbali ziwiri zimakhala pansi ndi mkhalapakati, ndipo nkhani zambiri zimathera pomwepo. Zikakanika, njira ndi ya kukhoti. Wosowa ndalama ya loya angapemphe thandizo ku IPAJ, bungwe la boma loimira osauka pa milandu. Mabungwe a antchito a pansi pa OTM-Central Sindical ndi CONSILMO nawonso amaperekeza mamembala awo. Ku Malawi poyambira ndi kwa mkulu wa zantchito wa pa boma, District Labour Officer, pasanathe miyezi 3 chichotsedwere, kenaka ku Industrial Relations Court.

Nthawi ndi imene imapha milandu ya anthu akumudzi. Ku Mozambique ufulu wochokera mu kontirakiti ya ntchito umatha pakapita miyezi 6 ntchito itatha, ndipo madandaulo ena ali ndi nthawi yofupikirapo. Munthu akachotsedwa mu November amathamangira kumunda, mvula yagwa, ya basi yopita ku Lichinga palibe, akuti adzapita akakolola. Pofika May, akagulitsa nyemba n'kupeza ya ulendo, nthawi yatha. Kuli bwino kubwereka ya ulendo sabata yoyamba yomweyo.

Potuluka pa ntchito, mwanjira ina iliyonse, tengani certificado de trabalho, chikalata chosonyeza nthawi imene mwagwira ndi udindo wanu, chomwe bwana ayenera kupereka. Kenaka kafunseni ku INSS, bungwe losunga ndalama za penshoni, ngati ndalama zanu zinkafika. Mwezi uliwonse 3 peresenti imadulidwa ku malipiro anu, bwana n'kuonjezera 4 peresenti. Penshoni yathunthu ya ukalamba imafuna miyezi 240 yosonkha, pa zaka 55 kwa amayi ndi 60 kwa abambo. Miyezi imeneyi sifafanizika ndi kalata yosiya ntchito, ndipo mukapeza ntchito ina imapitirira pamene idalekera. Koma ngati bwana ankadula osapereka, mipata imeneyo ndi yosavuta kuitsatira tsopano, timapepala ta malipiro tili m'manja ndipo kampaniyo ikadali pamalo pake.